Wa M'bwato ndi wa Pachilindo

Buku loyamba la nkhani zachikondi limene ndinawerenga linalibe chikuto. Linali la Mills & Boon, ndipo linkazungulira m'chipinda chathu chogona ku sekondale ku Chipata, uyu usiku umodzi, uyo usiku umodzi. Masamba omalizira anali atathothoka kalekale, moti aliyense ankadzimalizira yekha nkhaniyo m'mutu. Sukulu itatsekera mu Disembala 1986, ndinalibisa pansi pa zovala m'sutukesi n'kupita nalo kwathu kwa Nsefu.

Ambuya, amayi awo a amayi anga, anandipeza nalo patsinde pa mtengo wa mango, nsima ikuzizira m'mbale.

"Iwe mwana, m'mapepalamo muli chiyani choiwalitsa nsima?"

Ndinawasimbira m'chilankhulo chathu. Ndinati muli kamudzi ka m'mphepete mwa nyanja yamchere, kumene aliyense amadziwa za mnzake. Muli mtsikana, ndi mnyamata amene anakwera chombo n'kupita kutali osalemba kalata. Zaka zitapita wabwerako, koma wapeza mwamuna wina akuzungulira pakhomo. Ambuya anamvetsera mpaka pamene masamba anathothokera. Kenaka anaseka mpaka kutsokomola.

"Nanga azunguwo nkhani yangayi anaimva kwa yani?"

Tsiku limenelo sanaonjezerepo kanthu. Nkhani yawo ndinadzaimva pang'onopang'ono m'zaka zotsatira, ndipo ndiisimba kutsogoloku. Koma funso lawolo ndakhala nalo mpaka lero. Zinatheka bwanji kuti mayi amene sanaonepo nyanja chibadwire adzione m'buku la ku England? Yankho limene ndapeza lili m'mbiri ya malo awiriwa.

Ku England, matauni aang'ono a m'mphepete mwa nyanja poyamba anali midzi ya asodzi ndi amalinyero. Mu 1750 dokotala wina, Richard Russell, anatulutsa buku lonena kuti madzi a m'nyanja ndi mankhwala, ndipo anthu olemera anayamba kupita ku Brighton ndi kwina kukasamba, ena mpaka kumwa madziwo. Njanji itafika ku Brighton mu 1841, ngakhale anthu wamba anayamba kupitako. Motero kamudzi ka asodzi kanakhala ndi anthu amitundu iwiri: eni mudzi okhala chaka chonse, ndi alendo obwera nyengo yotentha n'kuchoka kukayamba kuzizira. Panalinso ana a pamudzipo amene nyanja inkawatenga kupita nawo kunkhondo kapena kumalonda, ena n'kubwerera ndi chuma, ena osabwereranso.

Jane Austen anaziona zimenezi zikuchitika. M'buku lake la Persuasion, limene linatuluka kumapeto kwa 1817 iye atamwalira kale, Anne Elliot anamvera akuluakulu n'kukana mnyamata wa m'zombo zankhondo, Frederick Wentworth, chifukwa analibe kanthu. Patapita zaka 8 mnyamatayo anabwerera ali kaputeni wandalama zake. Mitima yawo inayamba kutembenuka pa ulendo wa ku Lyme Regis, katauni ka padoko, mu Novembala alendo atachoka kale. Kampani ya Mills & Boon, imene inayamba ku London mu 1908, ndi olemba a masiku ano monga Nicholas Sparks wa ku America, amene nkhani zake zambiri zimachitikira m'matauni aang'ono a kugombe la North Carolina, akhala akulima m'munda womwewo.

Pamalo otere wolemba amapeza zinthu zinayi zomudikirira. Madzi amabweretsa mlendo, ndipo mlendo ndiye amayambitsa nkhani. Madzi omwewo amachotsa mwana wa pamudzi, ndiye pamatsala wodikira. Nyengo ya alendo ili ndi tsiku lothera, choncho amene ali ndi mawu ayenera kuwanena chombo chisananyamuke. Chachinayi, mudzi ndi waung'ono: palibe pobisala, ndipo aliyense ali ndi azakhali osuzumira pazenera. Mafunde ndi kulowa kwa dzuwa ndi mchere wongothira pamwamba. Zinthu zinayizi Nsefu ili nazo zonse, ndipo iliyonse inabwera ndi mbiri yake.

Nyanja yathu ndi Luangwa. M'chilimwe umaphwa mpaka mvuu kuunjikana m'maiwe ngati miyala, koma dzinja likafika umadzaza, kusefukira m'madambo n'kudula njira zonse. Umasinthanso njira yake: umagumula gombe ili, kusiya mchenga gombe lija, ndipo pamene unkadutsa kale pamatsala thamanda lopindika. Lina mwa mathamanda amenewa, tsidya la kumadzulo, mpaka lero limatchedwa Luangwa Wafwa. Ife Akunda eni akefe tinafika pamtsinjewu ngati alendo. Mbiri ya makolo imati tinachokera kumadzulo, kuseri kwa mapiri a Muchinga, motsogozedwa ndi Mambwe, amene dzina lake ndilo la boma lathu lero. Mafumu athu alipo 6: Nsefu, Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe, Malama ndi Msoro. Wamkulu ndi Nsefu, ndipo dzinali ndi la nyama ija Achewa amati ntchefu.

Owoloka mtsinjewu akhala ambiri. Mu 1798 Mpwitikizi Francisco de Lacerda anawoloka Luangwa kuchokera ku Tete akupita kwa Mwata Kazembe, kumene anakafera chaka chomwecho. Mu 1831 Monteiro ndi Gamitto anatsata mapazi ake. Mu Disembala 1866 David Livingstone anawolokera pa Perekani, kumtunda kwa Nsefu. Pakati pa maulendo olembedwa m'mabukuwa panali mazanamazana osalembedwa: Abisa osenza minyanga, Achikunda a ku Zambezi ndi mfuti zawo, amene anthu ena amawasokoneza ndi ife chifukwa cha kufanana kwa maina, ndi Angoni a Mpezeni amene ankatsika kumapiri kudzathira nkhondo kufikira atagonjetsedwa ndi Angerezi mu 1898. Apa wolemba woona mtima achenjere. Ambiri mwa alendo amenewa sankafunsira. Akazi ankatengedwa ndi mkondo ndi goli, ndipo mabanja ena amene lero tikuwanyadira anayamba ndi kulira.

Mlendo wina anabwera ndi chinthu chosiyana. Cha m'ma 1910 wansembe wa Anglican, Leonard Kamungu, Mchewa wa kufupi ndi Nkhotakota, anatsegula mishoni kwa Msoro, ndipo anamwalira komweko mu 1913. Sukulu za mishoni zinafalikira m'chigwa, ndipo ndi sukulu kunabwera kalata. Popanda kalata, theka la nkhani zachikondi za padziko lapansi sizikanakhalapo, ndipo ya ambuya ikanayenda njira ina.

Mwambo wathu wa ukwati nawonso uli ndi mbiri yake, ndipo m'mbirimo muli kantchentche. Kashembe, amene kuno timati kamzembe, amapha ng'ombe ndipo amapatsa anthu matenda a kaodzera. Mu 1910 akatswiri awiri a ku Liverpool, Stephens ndi Fantham, anapeza mtundu watsopano wa kachilombo ka matendawa m'magazi a mzungu amene anawatengera m'chigwa chino. Mu 1911 ndi 1912 madokotala Kinghorn ndi Yorke, atamanga msasa ku Nawalia, anatsimikiza kuti kamzembe wa m'tchire lathu ndiye amakafalitsa. Boma la atsamunda linaika malamulo oletsa anthu kulowa ndi kutuluka m'chigwa mwachisawawa, ndipo malo athu anadziwika ngati dziko lakutali, lotentha, loopsa. Koma chachikulu pankhani yathu n'chakuti kumene kuli kamzembe kulibe khola. Mngoni wa kumtunda ankalowola ndi ng'ombe. Mnyamata wa m'chigwa ankalipira ndi msana wake.

Chimenecho ndicho chikamwini. Mwamuna amatuma nkhoswe ndi chikole, ndipo akavomerezedwa amasiya kwawo n'kukamanga kwa mkazi. Amalimira apongozi, amamanga nkhokwe, amapita kunsomba. Ana ndi a kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi malume wawo. Tanthauzo lake n'lakuti ukwati uliwonse wa kwathu unkayamba monga mmene mabuku aja amayambira: munthu wachilendo wafika pamudzi, ndipo mudzi wonse ukumuyang'ana. Amadya bwanji? Amagwira bwanji khasu? Akakumana ndi apongozi aakazi panjira, kodi amapatukira m'udzu msanga kapena amayamba waganizira? Akuluakulu amati mkamwini asamakule mwendo. Azakhali a pazenera a ku Lyme Regis ndi ochepa powayerekeza ndi amayi a padoko potunga madzi, amene pofika madzulo amakhala atadziwa kuti mnyamata uja anaima ndi yani, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo anaseka kangati.

Nanga chochotsa ana a pamudzi chinali chiyani, poti kuno kulibe zombo? Unali msonkho. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kampani ya British South Africa Company, imene inkalamulira kuchokera ku Fort Jameson, Chipata wa lero, inalamula kuti nyumba iliyonse izikhoma msonkho wa ndalama. M'chigwa munali mapira, nsomba ndi nyama, koma masheleni munalibe. Amuna anayamba kuyenda pansi kupita ku minda ya fodya ya azungu kufupi ndi Fort Jameson, ku Salisbury kumene makolo ankati ku Walale, ku migodi ya malasha ku Wankie, mpaka ku Joni. Migodi ya mkuwa ya ku Copperbelt itatsegulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, inameza enanso. Chilankhulo chinapeza dzina la amene sabwerera: machona. Mudzi uliwonse unali ndi akazi amene sanali amasiye komanso sanali pabanja.

Ambuya anali mmodzi wa iwo. Mwamuna wawo woyamba anabwera pabwato kuchokera kumtunda, kwa Abisa, akugulitsa nsomba zouma, nkhondo ya Hitler itangotha kumene. Anawaona padoko akutsuka mphika, n'kupempha madzi akumwa chonsecho anali ataima m'madzi ofika m'mawondo. Mudzi wonse unaiseka nkhani imeneyi kwa zaka zambiri. Anatuma nkhoswe ndi mikanda, analowa chikamwini, analima madzinja awiri, ndipo amayi anga anabadwa. Kenaka msonkho unamuthina. Ananyamuka ndi anzake m'mamawa, nati akapeza za msonkho ndi bulangeti abwerera chaka chamawa.

Chaka choyamba kunabwera kalata ndi bulangeti. Kalatayo inawerengedwa ndi mphunzitsi wa pasukulu ya mishoni, ana asukulu akumvetsera kuseri kwa khoma. Chaka chachiwiri kunabwera kalata yokha. Kuyambira pamenepo, zii.

Munda wa mapira m'chigwa sugona wokha. Ngala zikayamba kucha njovu zimabwera usiku, ndipo usiku umodzi zikhoza kumaliza chakudya cha chaka chonse. Pamafunika munthu wogona pachilindo, wosonkha moto ndi kuimba chitini mpaka mbandakucha. Munda wa ambuya unkachita malire ndi wa bambo wina wa mudzi woyandikana, amene mkazi wake anamwalira pobereka. Bamboyo anasuntha chilindo chake n'kuchimanga pamalire penipeni, kuti aziona minda yonse iwiri. Analondera madzinja atatu osanena kanthu. Amene ananena anali amalume awo a ambuya, ndipo ankhoswe atakhala pansi anagamula kuti ukwati woyamba watha.

Chaka chachisanu ndi chiwiri, mu Okutobala, wa m'bwato uja anatulukira. Anabwera ndi njinga, jekete ndi bokosi lachitsulo. Mlandu unapita pabwalo, pansi pa mkuyu, mudzi wonse ulipo. Amuna awiriwo atalankhula, mfumu ya mudzi inatembenukira kwa ambuya, amene anali atagwada chapatali ndi mwana wa mwamuna wachiwiri kumsana.

"Mayi, anthu awiriwa mwawamva. Inu mtima wanu uli kuti?"

Ambuya anandiuza kuti anayang'ana njinga, kenaka anayang'ana mapazi ong'aluka a winayo.

"Ndinati, 'Mfumu, njovu sizithawa belu la njinga.'"

Bwalo linaseka, ndipo mlandu unathera pomwepo. Wa m'bwato anakhala masiku owerengeka n'kunyamuka mvula isanatseke njira. Anasiyira mwana wake kapu yachitsulo yoyera, ya mlomo wabuluu. Kapu imeneyo amayi anga sanamwerepo. Ambuya ndi amene ankamwera, tsiku lililonse, ndipo mwana woigwira ankalandira khofi. Mwamuna wawo, amene ine ndinakula ndikumutcha ambuya aamuna, ankaiona kapuyo m'mawa uliwonse kwa zaka zoposa 30 osaitchula ngakhale kamodzi. Nditakula ndinalimba mtima n'kufunsa:

"Ambuya, nanga amene munkamukonda kwenikweni anali uti?"

"Mdzukulu wanga, amenewo ndi mafunso a kusukulu."

M'buku la Austen wobwerera ndiye amapambana, chifukwa ku England wa nthawi imeneyo nyanja inkalemeretsa amene apulumuka. M'chigwa chathu wobwerera ankabwera ndi njinga, koma chakudya cha mwana chinkadalira amene wagona pachilindo. Mafupa a nkhani ndi omwewo, mathero ndi ena, ndipo mathero amenewa analembedwa ndi msonkho, kamzembe ndi njovu.

Pamene ambuya ankadikira kalata yachitatu, mbiri ya Nsefu inali kukhota. Mu 1950 Norman Carr, wogwira ntchito yoyang'anira nyama m'boma la atsamunda, anagwirizana ndi Mfumu Yaikulu Nsefu kuti gawo lina la dziko la mfumuyo, m'mphepete mwa mtsinje, lipatulidwe kukhala la nyama. Pamenepo panamangidwa kampu yoyamba m'dziko la Northern Rhodesia yolandira alendo odzaona nyama ndi maso ndi makamera m'malo mwa mfuti, ndipo ndalama zimene ankalipira zinkapita ku thumba la ufumu wa Akunda. Nyumba zake zozungulira zilipobe pagombe. Carr, amene anthu a kuno anamutcha Kakuli, kutanthauza njati yamphongo yokalamba, anabadwira mu 1912 ku Chinde, katauni kakang'ono ka ku Mozambique pamene Zambezi amathira m'nyanja yamchere. Madzi amene amadutsa pa Nsefu amalowa mu Zambezi pa Feira, moyang'anizana ndi Zumbo, n'kukathera kugombe lomwelo. Choncho munthu amene anabweretsa nyengo ya alendo kwathu anali mwana wa katauni ka padoko, kumathero a mtsinje wathu womwewu.

Kuchokera nthawi imeneyo chaka chathu chili ndi mbali ziwiri ngati cha ku Brighton. Mvula ikatha ndipo matope akauma, makampu amatsegulidwa. Kumabwera ophika, okonza galimoto ndi operekeza alendo ochokera ku Chipata, ku Lusaka ndi kunja. Ndege zimatera pa Mfuwe. Cha mu Seputembala mbalame zofiira zimakumba mauna m'magombe a mtsinje, ndipo mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, moti anthu amagona panja ndipo mitima imapsa msanga. Kenaka mitambo imaunjikana. Mvula yoyamba ikagwa dothi lakuda lija limasanduka phala, Msandile amadzaza, makampu a m'tchire amatsekedwa, ndipo aliyense wobwera amalongedza. Amene anali ndi mawu oti anene, nthawi yake ndi imeneyo. Makolo anati mlendo ndi mame, ndipo kuno mwambiwu uli ndi mwezi wake pakalendala. Ndikudziwa atsikana amene anakwatiwa bwino ndi anyamata a m'makampu, ndipo ndikudziwanso ena amene mvula inawapeza ali ndi pakati ndi nambala ya foni yosayankhidwa. Mu 2020, matenda a COVID-19 atatseka maulendo a ndege, nyengo ya alendo siinabwere n'komwe, ndipo maukwati amene ankadikira malipiro a chilimwe anaimitsidwa.

Nkhani yachikondi imafunanso chotchinga, ndipo mbiri yatipatsa chachikulu. Mu 1972 gawo lija la Nsefu linalowa mu South Luangwa National Park, paki ya masikweya kilomita 9,050. Malo amene makolo ankasakako, kuwedzako ndi kutapako mchere pa kasupe wa madzi otentha anakhala a chilolezo ndi geti. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 akatswiri ankayerekeza kuti m'chigwa chonse muli njovu pafupifupi 100,000, ndipo zinali zitachuluka moti boma linkazipha dala n'kugulitsa nyama. N'chifukwa chake malo ena pa Mfuwe mpaka lero amatchedwa Cropping. Patangopita zaka zochepa zinthu zinatembenuka. Mtengo wa mkuwa unagwa, ntchito zinasowa, mtengo wa minyanga unakwera, ndipo njovu zinaphedwa zikwizikwi. Chipembere chinatheratu. Mudzi umodzi womwewo unatulutsa agemu ovala yunifolomu ndi alenje oyenda usiku. Taganizirani mnyamata wa gemu amene walowa chikamwini m'nyumba ya mlenje, ndiye tsiku lina apeza mapazi a apongozi ake m'paki. Adzamanga bambo wa mkazi wake, kapena adzataya ntchito imene ikudyetsa nyumba yonseyo? Zimenezi sindikupeka. Amene anakhalako zaka zimenezo amadziwa makomo amene zinachitikira.

Nanga mabuku ake ali kuti? Chigwa chathu chalembedwa kwambiri, koma m'Chingerezi, ndipo eni nkhani ndi nyama. Buku lotchuka la Carr, Return to the Wild la mu 1962, ndi la mikango iwiri imene analera. Nyamalikiti wa kuno amadziwika padziko lonse ndi dzina la Harry Thornicroft, bwanamkubwa wa ku Petauke. Thornicroft anakwatira mkazi wa dziko lino n'kubereka naye ana ambiri, ndipo mmodzi wa iwo, Gaston, anadzakhala mtsogoleri wa makaladi ku Southern Rhodesia. Mlendo aliyense amauzidwa dzina la mwamunayo galimoto ikaima pafupi ndi nyamalikiti. La mkaziyo palibe amalitchula. Lero anthu ongokwatirana kumene amabwera kuchokera ku London ndi ku New York kudzayambira banja pagombe lathu, n'kulemba pa intaneti kuti afika kumalo achikondi. Sakunama. Koma m'nkhani zawo ife timaoneka titanyamula thireyi.

M'Chinyanja chathu mabuku alipo, ndipo ena ndi akale. Nthondo la Samuel Josia Ntara linatuluka mu 1933, ndipo mwini nkhani yake nayenso amapita kukagwira ntchito kum'mwera. Bungwe la boma losindikiza mabuku a zilankhulo zathu, la Northern Rhodesia ndi Nyasaland pamodzi, linayamba mu 1948. Julius Chongo ankagoneka dziko lonse mochedwa ndi Poceza m'Madzulo pa wailesi. Koma mabuku amene ine ndinaphunzira kusukulu ankakonda kutsata mnyamata wopita kutauni, kumuonetsa akuonongeka, kenaka n'kutipatsa phunziro. Wotsala kumudzi ankangoonekera kumayambiriro akutsazikidwa ndi kumapeto akukhululuka. Zaka 7 za pakatipo, za kalata, chilindo ndi kapu, sizinkalembedwa. Mwina n'chifukwa chakuti olemba ambiri anali amuna ophunzira ku mishoni, ndipo iwowo ndi amene ankapita. Mwinanso n'chifukwa chakuti kwathu za mumtima sitinena poyera, monga mmene ambuya anandiyankhira.

Amene angafune kulemba nkhani yachikondi ya kwa Nsefu asavutike kukopera kamudzi ka ku England n'kungosintha maina. Doko tili nalo, nyengo yotha tili nayo, maso a mudzi tili nawo, odikira ndi obwerera tili nawo. Choyenera kuopa ndi kukometsera. Walira mvula walira matope: amene akufuna mwezi wowala pa Luangwa alembenso ng'ona ya padoko, malungo, madzi osefukira a mu Febuluwale 2007 amene anagwetsa nyumba ndi kukokolola minda, ndi maliro a zaka za m'ma 1990 pamene Edzi inatenga achinyamata ambiri. Chikondi cha kwathu chimaoneka bwino chikaima pafupi ndi zimenezi, chifukwa ndi pamene chimayesedwa.

Nthawi nayo ikutha. Akazi a machona atsala owerengeka, ndipo ana awo akukalamba. Msewu wa Chipata tsopano ndi wa tala, foni ili m'thumba la aliyense, ndipo mwamuna wokhala ku Lusaka sangasowenso zaka 7 osamveka, ngakhale ena amayesetsa ndithu. Adzukulu athu sadzamvetsa kuti kudikira kalata kunali chiyani ngati sitilemba. Inu amene muli ndi ambuya amoyo, kaya kwa Kakumbi, kwa Jumbe, ku Nkhotakota kapena ku Zumbo, dzinja lino njira zikatsekeka mukhale nawo pansi. Musawafunse amene ankamukonda. Afunseni kuti munda ankawalondera ndani.

Ambuya anamwalira chaka chotsatira madzi aja. Pogawa katundu wawo, nsalu ndi miphika zinapita kwa ana awo aakazi, ndipo kapu ija inatsala pamphasa, utoto utasupuka, pansi pake pali dzimbiri. Amayi anga, amene anali mwini wake weniweni kuyambira tsiku la mlandu lija, anaitola, anaitembenuza kawiri, n'kundipatsa.

"Tenga iwe wa mabuku," anatero. "Ine ndinazolowera kumwera m'chikho."